Nyumba ya nkhanga ku Chibavi

Apongozi anga, aNyaMsiska, ankajambula pakhoma ndi dothi. Nyumba yawo ku Chibavi inali ya zidina, malata ake adzimbiri, koma ukangomuuza wa kabaza kuti "panyumba ya nkhanga" sankafunsanso njira.

Chaka chilichonse mvula ikatha, ngati kuno ku Mzuzu imathadi, ankanyamula khasu ndi thumba kukasaka dothi. Lofiira ankakumba cha ku Msongwe, loyera kudambo, lakuda ankalisakaniza ndi makala osinja. Ankalisefa ngati ufa, n'kulinyika m'zitini. Ankayamba ndi chikhatho, kumalizira nthenga ya nkhuku. Lusoli analitengera kwa mayi awo ku Rumphi. Nkhanga sizinkasowa pakhomapo, koma zina zonse zinkasintha. Chaka chimene mwana wawo Meckson, mwamuna wanga, anayamba ntchito, anajambula njinga. Chaka chimene amuna awo anamwalira, khoma lonse linali mizere yakuda yokhayokha, ndi chipewa chimodzi pafupi ndi chitseko.

Ine ndine wa ku Dedza, mphunzitsi, ndinabwera kuno boma litanditumiza. Ndinene chilungamo: khomalo linkandichititsa manyazi. Anzanga akuntchito akandiperekeza kumeneko ndinkafulumira kuwalowetsa m'nyumba. Chisoni ndinali nachonso, munthu wamkulu kukhalira kukwera pampando masabata awiri, pofika Januwale mvula itakokolola zonse. Ndinkati n'kudzizunza chabe. Sindinkadziwa kuti mvulayo inkawachotsera zakale kuti apeze pojambula za chaka chino.

Mu 2011 apongozi anapita kumaliro ku Rumphi ndipo anakhalako mwezi. Ndinamunong'oneza Meckson mpaka analola. Ndinaitana mmisiri, dzina lake Ackim, kuti apale khoma, aike pulasitala ya simenti ndi penti wa mafuta wa kirimu. Iye anaima nthawi yaitali akuyang'ana nkhanga zija.

"Madamu, eni ake akudziwa?"

"Ndikufuna adzadabwe," ndinamuyankha, ndili ndi matama.

Anandifunsanso kachiwiri, ine n'kumukalipira kuti sindinamuitanire mafunso. Foni ya kamera inali m'chikwama mwanga momwemo. Sindinajambule ngakhale chithunzi chimodzi.

Atabwera, apongozi anaima pabwalo katundu ali pamutu. Anapita pakhoma, n'kulisisita, kenako anayang'ana chikhatho chawo. Chinali choyera.

"Yewo chomene, mwana wane. Nyumba yatowa," anatero m'Chitumbuka, kutanthauza kuti yakongola.

Ine, chitsiru cha mkazi, ndinamva kuti andithokoza, ndipo ndinakauza anzanga onse.

Chilimwe chotsatira anayesa kupaka pang'ono pakona yakuseri. Dothi linakana kugwira pa penti, litauma linayoyoka lokha. Anasesa mwakachetechete, osayesanso. Sanandinenepo kwa munthu, ndipo n'zimene zimandipweteka kwambiri. Akanandilalatira bwenzi nditawayankha, nkhani n'kuthera pomwepo. Iwo anapitiriza kundisungira mapeyala abwino a mumtengo wawo.

Mwana wathu Wezi anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi khoma likupalidwa. Lero ndi wojambula, amajambula pansalu ndi penti wa m'machubu, ndipo zithunzi zake zimagulidwa mpaka ku Lilongwe. Pamene anayamba kufunsa za luso la agogo ake, maso awo anali atachita ng'ala. Anawapatsa pepala ndi khala. Iwo anagwiragwira pepalalo, n'kuseka kuchepa kwake.

"Kanthu kadoko nthena? Nkhanga ikhala poti apa?"

Anamwalira mu 2023. Maliro atatha, ine ndi Wezi tinapita kukakonza m'chipinda chawo. Pansi pa bedi tinapeza zitini za mkaka zomangidwa zitatuzitatu ndi luzi: dothi lofiira, loyera, lakuda, lonse losefa bwino. Ndinawerenga mitolo khumi. Chaka ndi chaka, mpaka maso atawakanika, ankapitabe ku Msongwe ndi khasu lawo. Tinkawaona ndithu akutuluka, ine n'kumati akupita kudimba.

Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira kuposa mmene ndinalirira kumanda.

Wezi anatenga zitinizo. Kuseri kwa nyumba yathu wamangitsa kakhoma ka zidina, wakazira yekha ndi manja. Sabata yatha anandiitana, nthenga ili m'manja, dothi lofiira atalinyika kale.

"Mama, ndikuyamba ndi nkhanga. Zinali zingati? Zinkayang'ana kuchitseko kapena kumsewu? Inu munkaziona."

Ndinadutsa pa nkhanga zimenezo zaka zisanu ndi zitatu, Lamlungu lililonse pochokera kutchalitchi. Ndinaima pamenepo mwana wanga akudikira, dothi likuuma panthenga, ndipo sindinathe kumuuza.