Malemu Anandigwirira Makwerero

Ndiyambe ndatchula mboni zanga, chifukwa ku Chongwe kuno ndikanena kuti kwacha, anthu amayamba asuzumira panja. Mboni yoyamba ndi mayi wogulitsa vitumbuwa pageti la kiliniki ya asilikali opuma. Alipo mpaka lero, mukhoza kukawafunsa, koma muyambe mwagula. Yachiwiri ndi a sajeni opuma, mlembi wa komiti imene inamangitsa kilinikiyo. Yachitatu ndi makwerero anga, amene salankhula koma sananamizepo munthu. Mboni yachinayi ndiyo ikanandithandiza kuposa zonsezi, koma singabwere.

Ntchito yanga ndi kulemba zikwangwani. Ngati munaonapo nkhuku yojambulidwa pakhoma m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Chipata, yooneka pang'ono ngati mbuzi, dzanja lake ndi lino.

Pafupi ndi msika pankakhala mdala wina wopopa njinga ndi kumata machubu. Ankatsimphina mwendo wamanzere. Tonse tinkangoti mdala wa pampu. Kwathu munthu wamkulu satchulidwa dzina. Umamuitana ndi dzina la mwana wake kapena ndi ntchito yake, ndipo zaka zonsezo sindinaganizepo n'komwe kuti mdalayo ali ndi dzina lina la pachitupa.

Anali ndi nkhani imodzi yokha. Ankati nthawi ija adani ankabwera kuchokera kum'mwera kudzaphulitsa milatho, mdalayo anaolotsa anzawo ovulala pamtsinje, kuwabereka kumsana mmodzimmodzi, chipolopolo chili m'mwendo. Tsono ine ndine munthu amene ndinawedzapo mlamba woti tinachita kuukweza pangolo, ndipo zimenezo n'zoona, ng'ombe zake zilipo. Choncho nditamva nkhani ya mdalayo ndinati ndapeza mnzanga wa ntchito. Ndikamadutsa ndinkafuula, “Lero mwaolotsa angati, amdala?” Anthu ankaseka. Iwo ankangopitiriza kupopa.

Kiliniki itatha kumangidwa, a sajeni anandiitana n'kundipatsa pepala. Panali mzere wa Chingerezi wonena za kulemekeza ngwazi ya nkhondo, ndi dzina limene sindinalimvepo chibadwire.

“Nifuna chikwangwani chabwino pamwamba pa chitseko, osati vija umalembera mabutchala,” anatero. “Pansi uikepo na Chinyanja, kuti aliyense awerenge. Ukatsiriza uphimbe na nsalu. Ine niyenda ku Lusaka kukatenga alendo.”

Anandipatsa theka la malipiro, n'kuti theka lina ndidzalandira mwambo wotsegulira kiliniki ukatha.

Sindinafunse kanthu. Ndikanafunsa chiyani? Sukulu, misewu ndi zipatala zonse zimene ndikuzidziwa zokhala ndi maina a anthu, eni ake anagona kalekale. Ife munthu timamulemekeza akaleka kuyankha. Ndiye pamzere wa Chinyanja ndinaona kuti pepala laiwala liwu laulemu, ndipo ndinaliwonjezera ndekha, mwaulere, patsogolo pa dzinalo: MALEMU.

Unali mwezi wa Okutobala. Kunatentha moti penti inkauma paburashi isanafike pakhoma, ndipo ndinaona ndi maso angawa buluzi akuyenda ndi miyendo iwiri kuti inayo ipume. Makwerero anga mwendo umodzi ndi waufupi, ankagwedezeka. Ndili m'mwambamo ndinamva mawu pansi.

“Leka nikugwirire, mwana wanga, ungagwe.”

Anali mdala wa pampu, pampu yawo ili m'khwapa. Ndinati abwera kudzasaka mthunzi. Anagwira makwerero ndi manja awiri, n'kukweza mutu kuyang'ana zimene ndinkalemba. Anayang'ana nthawi yaitali.

“Uyu anafa liti?” anafunsa.

“Kalekale, amdala. Uyu ndiye anali msilikali weniweni. Ngwazi zenizeni sizitsala kuti zizipopa njinga pamsika.”

Mayi wa vitumbuwa anamva mawu amenewa. Ndinawanena mokweza dala kuti amve, ndipo anaseka, ngakhale masiku ano amakana.

“Oho,” anatero mdalayo. Kenaka, “Liwu loyambalo walilemba bwino kupambana onse.”

Ndinathokoza. Mulungu andione, ndinathokoza. Anagwira makwererowo mpaka ndinamaliza, anandithandizanso kupachika nsalu, n'kumapita akutsimphina.

M'mawa mwake kunadzaza. Kunabwera magalimoto a ku Lusaka, asilikali opuma atavala majekete onunkha m'sutikesi, kwaya ya amayi, ndi bwana wina wamkulu wodzatsegula kiliniki. Ine ndinavala shati yoyera n'kuima pafupi ndi geti, poti anthu akafunsa wolemba asavutike kumupeza. Pampando wakutsogolo ndinaona mdala wa pampu atavala jekete yokhala ndi mendulo pachifuwa, pambali pake pali mwana wawo wamkazi, mphunzitsi wa ku Chalimbana. Ndinauza mayi wa vitumbuwa kuti, “Onani, mpaka mendulo abwereka.”

A sajeni anaimirira n'kuyamba kufotokoza za ngwaziyo. Ananena za mlatho. Ananena za mtsinje. Ananena za anthu ovulala oberekedwa kumsana mmodzimmodzi, ndi kuti mmodzi wa oberekedwawo anali mkulu wa a sajeniwo, wa bere limodzi. Nkhaniyi ndinkaidziwa, ndinali nditaiseka kambirimbiri. Komabe ndinadzilimbitsa mtima kuti mwina mdalayo anaiba nkhani ya mwini wake.

Kenaka a sajeni anatchula dzina lija la papepala, n'kuti, “Tikupemphani muimirire.”

Mdala wa pampu anaimirira.

Ndinafuna kuthamanga kukagwira nsalu ija, koma miyendo inakana. Ndikulumbira, nsapato zanga zinamera mizu. Pamalopo mpaka lero pali timaenje tiwiri. Bwana wamkulu anakoka chingwe, nsalu inagwa, amayi a kwaya anayamba nthungululu n'kuzisiyira pakati.

Kunakhala chete moti tinamva kondakitala wa minibasi akuitana anthu ku Lusaka.

Woyamba kulankhula anali mwana wamkazi uja. “Ndani walemba ichi?”

Panalibe chifukwa chofunsira. Pakona pa chikwangwani ndinali nditalembapo dzina langa ndi nambala ya foni, monga mwa chizolowezi, ndi penti yofiira. Komabe mayi wa vitumbuwa, pofuna kuthandiza, anandiloza ndi chipande.

“Atate anga ali moyo, akhala apa, inu mwawaika m'manda pamaso pa anthu onsewa?” anatero mwana wamkazi uja. “Munawafunira chiyani? Malodza amenewa mukuitanira ndani?”

Ndilibe nthabwala pamenepa. Ndafunafuna zaka zonsezi, sindinaipeze. Mwana wawo uja ankalira, ndipo ine ndinali nditaima ndi shati yoyera ngati munthu wodikira mphoto.

Mdalayo anayenda pang'onopang'ono mpaka pansi pa chikwangwani, anaima njo, n'kuchichitira sailuti.

“Ba sajeni,” anatero, “mukananiuza kuti ninafa. Sembe sininavutike kusita jekete.”

Anthu anaseka, kuseka kwa munthu amene wapulumuka pangozi. Mwana wawo sanaseke. Ine ndinapeza miyendo yanga, ndinapita kukagwada m'fumbi, n'kunena kuti ndifufuta pompano, ndipala ndi mpeni, ngakhale ndi mano.

“Osafufuta,” anatero. “Penti ni yodula, ndipo walemba bwino, ninakuuza dzulo. Khomapo chabe kachidutswa ka lata. Tsiku lamene muzalifuna liwu ilo, muzangozula misomali.”

“Atate!”

“Mayi, nanga nizakhala mpaka liti? Tisamuvutitse mwana kukwera kawiri na penti.”

Sanatchule zimene ndinawauza ndili pamakwerero. Sanazitchule tsiku limenelo, sanazitchulenso tsiku lina lililonse. Akananditukwana pamaso pa bwana wamkulu uja bwenzi ndikugona bwino.

Ndinakhoma latalo madzulo omwewo, misomali inayi, n'kulipaka penti yoyera. A sajeni anayang'ana ntchitoyo manja ali kumbuyo.

“Ntchito yako siinathe,” anatero. “Ili na chigamba. Yotsala uzalandira ikatha.”

Sindinatsutse. Munthu amene wapha ngwazi ndi burashi sakambirana za mtengo.

Mvula inagwa n'kusiya, inagwanso n'kusiya. Anthu a ku Chongwe saiwala. Ndikalowa m'sitolo wina ankati, “Amalume, musanilembe, nikali moyo.” Wa butchala anandipempha kuti pachikwangwani chake ndilembe kuti malemu ng'ombe. Odwala ankalozerana kachidutswa ka lata koyera kaja, ndipo alendo ankauzidwa nkhani yonse asanalandire n'komwe mankhwala.

Ine ndinayamba kupita ndi njinga yanga kwa mdalayo pafupifupi tsiku lililonse. Ndinkaiphwetsa ndekha kuseri kwa msika, n'kumaikankha ndi nkhope yachisoni. Anandipopera masabata angapo, kenaka anati, “Njinga yako ili na matenda achilendo. Imaphwa ikaniona ine chabe.”

Tsiku lina ndinayesa kuwaitana ndi dzina lija la pachikwangwani, ndi ulemu wonse, chipewa chili m'manja.

“Aja ni malemu,” anatero. “Ine ndine wa pampu.”

Ndinakhala pachitini pafupi nawo mpaka makasitomala atatha, ndipo ndinapempha chimene ndinkadzera masiku onsewo. “Amdala, niuzenikoni za pamtsinje paja. Nifuna kumva bwinobwino.”

Anapukuta manja pakansanza, n'kundiyang'ana mopanda mkwiyo uliwonse.

“Ninakuuza kale, mwana wanga. Unali kuseka.”

Sanandiuzenso. Ndinafunsa kawiri kena, anangondifunsa ngati valavu ikutulutsabe mpweya. Ankandilandira bwino, ankandigawira chinangwa chootcha, tinkaseka za anthu odutsa. Koma nkhani ija inatsekedwa, ndipo woitseka ndinali ine. Zimene ndikudziwa za mtsinje umene uja ndi zokhazo zimene ndinamva ndikuseka, ndi zimene a sajeni anawerenga papepala.

Lachiwiri lina m'mawa ndinapeza pansi pa mtengo paja palibe munthu. Ndisanafunse aliyense, foni inalira. Anali a sajeni.

“Bwera na hamala,” anatero, n'kudula.

Ndinanyamula makwerero paphewa. Pakiliniki panalibe kwaya, panalibe galimoto, anthu onse anali kunyumba ya maliro. Nditaimika makwerero anayamba kugwedezeka monga mwa nthawi zonse, ndipo ndinaima pansi ndikuwayang'ana ngati chitsiru, mpaka mayi wa vitumbuwa anasiya mafuta pamoto n'kubwera kudzawagwira. Sananene kanthu. Aka kanali koyamba chiwadziwireni.

Misomali inazuka mosavuta. Zilembo zina zonse zinali zitafwifwa ndi dzuwa, koma liwu lija linatuluka lowala, lakuda bii, ngati ndalilemba m'mawa womwewo. Mdalayo sananame: ndinalilemba bwino kupambana onse.

Ndikadali m'mwambamo, lata lili m'manja, foni inanjenjemera m'thumba. Ndinaitulutsa. A sajeni anali atatumiza theka lotsala lija, lonse, osachotsapo ngakhale ngwee imodzi.