Galasi Mumtondo wa Amayi

Ndili ndi kope lachikuto chofiira limene ndinkalembamo zochitika ndili Sitandade 8. Masamba ambiri ndi a zinthu wamba, mayeso, mphepo, amene wandiseka kusukulu. Koma masamba a mwezi wa Okutobala ndi a galasi lokhalokha.

Chaka chimenecho abambo ankaotcha njerwa za nyumba yatsopano. Nkhuni zinkapezeka movuta, choncho ankaotcha timauvuni ting'onoting'ono motsatizana. Tikuphwasula uvuni woyamba ndinapeza njerwa ina ili ndi kadontho kobiriwira, kosalala ngati utomoni wouma. Chinali chibenthu cha botolo chimene chinalowa m'dothi poumba, n'kusungunuka ndi moto.

Kunyumba sindinaonetse aliyense. Ndinakaonetsa amayi a ku Mulanje, akazi a tenanti wathu, amene ankakhala m'kanyumba kaudzu kuseri kwa chigafa cha fodya. Pamudzi tonse tinkangowatchula choncho. Akamaliza kuthirira nazale ankaumba miphika ndi dongo la kudambo. Ndinkakonda kukhala nawo chifukwa sankandifunsa kuti bwanji sindilankhula.

Anaitembenuza njerwayo padzuwa kanthawi ndithu.

"Ndiye kuti botolo limapsanso? Zaka zonsezi ndikuumba miphika yakuda bii, mankhwala ake tikungowaponda kudzala! Tiyese, aphunzitsi."

Ankanditchula aphunzitsi chifukwa cha kope lija.

Anaumba timbale tating'ono ngati chikhatho. Ine ndinkatolera mabotolo pochokera kusukulu, obiriwira ndi ofiirira. Iwo ankawakulunga m'chisaka, n'kuwaphwanya ndi mwala, kenako n'kumapera zibenthuzo pa mwala wina, atathira madzi kuti fumbi lisauluke. Zoperazo tinkaziwaza pa timbaleto, zotsala ankazikwirira mozama. Amuna awo ndiwo ankathandiza abambo kusanja njerwa, ndiye ankatiikira timbaleto mkati mwa uvuni, pafupi ndi mpata wa moto.

Ndinkalemba zonse. M'kope muli mizere ngati iyi: "Zibenthu zazikulu zangofewa m'mbali, sizinayanjane. Zopera ngati mchenga zagwirana, koma zili ndi timaenje. Obiriwira ndi ofiirira tikasakaniza akung'aluka. Kambale kamene tinakatulutsa kakadali kotentha kalira kuti the, kasweka." Pansi pake ndinalemba maganizo anga: galasi likanakhala losalala ngati ufa woyera, likanayenderera bwino, ndipo ndikanatha kuliwaza ngati ndikujambula tsamba.

Ndinawauza amayi aja. Anati mwala wawo sungapere kuposa pamenepo. Ine ndinati mtondo ukhoza, ndipo sefa ikhoza kuchotsa zokhakhala.

"Iai, aphunzitsi," anatero, osaseka ngati masiku onse. "Galasi ndi chakudya siziyandikana. Kwathu amaphera agalu akuba zimenezi. Mwamva?"

Ndinavomera kuti ndamva.

Sabata yotsatira makuponi a feteleza anatuluka. Amayi anga anapita kukaima pamzere kumsika wa feteleza, ndipo tinkadziwa kuti sabwera msanga. Abambo anali kudambo. Ndinatenga mtondo wa amayi ndi munsi, n'kupita nazo kuseri kwa nkhokwe. Ndinasinja mabotolo awiri obiriwira ndi kabotolo kamodzi kabuluu ka mankhwala, kamene ndinkakasunga padera. Ndinasefa, n'kusinjanso. Ufa wake unatuluka wotuwa, wofewa, wosaoneka kuti ungapweteke munthu. Mtondowo ndinautsuka katatu, kachitatu ndi mchenga, ndipo ndinaona kuti wayera.

Ufawo ndinauwaza pa kambale kudzera pa tsamba la mpiru limene ndinalibowola, wobiriwira pakati, wabuluu m'mphepete. Amayi a ku Mulanje atauona anaugwira ndi chala, n'kundiyang'ana. Ndinati ndapera pa mwala wa kusukulu. Kambaleko kanalowa mu uvuni womaliza.

Patapita masiku awiri amayi anga anasinja nsinjiro zotendera mfutso. Tisanadye, analawa ndiwozo, ndipo ndinaona akusiya kutafuna. Analavulira m'dzanja. Kenako anatulutsa mtondo padzuwa, n'kuupendeketsa. M'ming'alu ya pansi, m'mene madzi anga sanafike, munkanyezimira timchenga tobiriwira.

Anthu anasonkhana mofulumira. Aliyense ankadziwa kuti amayi a ku Mulanje analibe mtondo wawo, ankabwereka wathu. Aliyense anawaonapo akupera mabotolo. Ndipo azakhali, alongo awo a abambo, anakumbutsa anthu kuti masiku apitawo amayiwo anapempha kafeteleza pang'ono ka dimba lawo, poti matenanti sankalembedwa m'kaundula wa makuponi, ndipo abambo anawakaniza.

"Ndiye nkhani yake ndi imeneyo!" anatero azakhali. "Mwawamana feteleza, iwo akuti mudye botolo. Obwera awa mumawadziwa bwino inu, achimwene?"

Amayi a ku Mulanje anaitanidwa. Anabwera manja ali dongo lokhalokha, n'kugwada chapatali.

"Bwana, mtondo ndinabwereka Lolemba, ndinakonola chimanga. Galasi ndimapera pa mwala, mukaone. Ine ndinabereka ana, ndingaphe ana a mnzanga chifukwa cha mbale imodzi ya feteleza?"

Abambo anatembenukira kwa ine. "Iwe umakhala kumeneko tsiku lililonse. Unaonapo chiyani?"

Anthu onse anandiyang'ana. M'kalasi ndikafunsidwa funso, ngakhale ndikulidziwa, mawu ankandithera pakhosi. Koma sindikufuna kubisala kuseri kwa manyazi, chifukwa tsiku limenelo mawu anatuluka. Ndinati, "Sindikudziwa."

Amayi a ku Mulanje anadzutsa mutu. Ankadziwa. Anali atagwira ufa uja ndi chala chawo, ndipo ankadziwa kuti palibe mwala ungapere choncho. Ndinadikira kuti anene. Anangoyang'ana pansi, n'kuyamba kuchotsa dongo louma m'zala zawo.

Abambo si munthu wankhanza. Sanapite kupolisi monga azakhali ankafunira. Anangoti sangagonenso tulo anthuwo ali pakhomo pawo. Mmawa wa tsiku lachitatu banjalo linakweza katundu pa ngolo ya munthu wina, kupita kukafuna malo ku maesiteti a kumpoto. Miphika yosaotcha anaisiya pakhonde. Ine ndinali nditavala yunifolomu, ndipo ngoloyo inandidutsa panjira ya kusukulu. Amayi aja anakweza dzanja pang'ono.

"Muzilimbikira, aphunzitsi."

Ndinawerama ngati ndikukonza nsapato.

Uvuni utazizira ndinakapeza kambale kaja. Galasi linayenderera bwino kuposa maulendo onse, lopanda timaenje, buluu atalowerera mu zobiriwira pang'onopang'ono. Maganizo anga aja anali olondola. Ndinakalemba zimenezo m'kope, kenako ndinazifufuta, koma zimawerengekabe.

Ndinasunga nkhaniyi mpaka nthawi yothyola fodya. Tsiku lina tikusoka masamba m'chigafa ndi amayi anga, awiriwiri, iwo anadandaula kuti ntchito yachuluka chaka chino poti tilibe anthu. Ndinanena zonse, maso ali pa singano. Ndinanena za mtondo, za sefa, za kutsuka katatu, ndi kuti amayi aja anali atandiletsa.

Amayi anga anapitiriza kusoka mpaka chingwe chinadzaza. Madzulo anawauza abambo. Abambo anapalasa njinga masiku a Loweruka awiri otsatizana, kufunsa m'maesiteti mpaka cha ku Nkhamenya. Kwina anawauza kuti banja lotero linagona masiku angapo n'kupitirira. Kwina sanalidziwe n'komwe. Dzina la mudzi wawo ku Mulanje palibe aliyense wa ife amene anali atafunsapo.

Abambo atabwera ulendo wachiwiri, ali fumbi mpaka m'maondo, anangopukusa mutu n'kulowa m'nyumba. Amayi anakhala nane pakhonde. Sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanatero.

"Mwana wanga," anatero, "ukananena tsiku lomwe lija, ine ndikanangokukwapula, n'kugula mtondo wina. Basi."