Dzanja la Bambo Phulusa

Akhristu anzanga, mwezi uno tikukumbukira mkulu uja wa pa benchi yakumbuyo, amene ankafika kutchalitchi zitseko zisanatsegulidwe. Ife atsogoleri a masikauti tinkawatchula kuti Bambo Phulusa, ndipo iwo ankangovomera.

Anabadwira m'nyumba ya chipinda chimodzi, kuseri kwa shedi ya matabwa. Ali aang'ono, wina anasiya makala ooneka ngati azima. Mphepo inawadzutsa, nyumba inapsa, ndipo mlongo wawo wakhanda sanatulukemo. Nkhaniyi sankaikamba. Ine ndinaimva kwa akazi awo.

Atakula anaphunzira kusoka malona ndi matenti. Anakwatira, Mulungu nawapatsa mwana mmodzi wamwamuna. M'kachipinda kawo kosokeramo munali makina akale, kolona pa msomali, ndi mulu wa matenti ong'ambika a parishi, amene ankawasoka kwaulere. N'chifukwa chake bambo mfumu anawapempha kuti aziphunzitsa akuluakulu otsogolera ana kukagona kutchire.

Abale inu, tinaona zakuda! Ife aphunzitsi ndi manesi, ena mimba patsogolo, kugwada m'fumbi kukhoma zikhomo. Anatiphunzitsa kuti khomo la tenti lifulatire mphepo, kuti ngalande izungulire tenti ngakhale kumwamba kuli mbee, kuti pansi pa nthambi youma sipogona. Mfundo ikamasuka, ankangoti, "Mangani kachiwiri, mayi, sitikuthamangira kulikonse."

Koma mayeso enieni anali m'mawa wonyamuka. Aliyense ankazima moto wake, kuthira madzi, kutakasa ndi ndodo, kuthiranso. Kenako ankagwada, n'kulowetsa dzanja m'phulusa mpaka pansi, n'kunena pemphero la Atate Athu lonse dzanja lili momwemo. Wochotsa dzanja pempherolo lisanathe sankalandira mpango wa m'khosi wa utsogoleri. Iwo ankati, "Makolo akupatsani ana amoyo. Muwabwezere amoyo."

Chaka china mwana wawo, atakula n'kukwatira, anabwera kudzaphunzira nafe. Anatiposa tonse, mfundo ankamanga atatsinzina. M'mawa wonyamuka lole yodzatitenga inkaliza hutala kumsewu, iye n'kungowaza madzi pamwamba osatakasa. Analowetsa dzanja m'phulusa n'kuyamba pemphero, koma atafika pa mawu opempha chakudya, anasolola dzanja n'kuliuzira.

"Udzabwerenso chaka chamawa, mwana wanga," anatero bambo ake.

"Ababa, pamaso pa anthu onsewa?"

"Moto ulipo, mwana wanga."

Tinawadandaulira, ena mpaka kugwada. Anakana. Mpango umene anamusokera okha anaupinda n'kuuika m'thumba la malaya. Mwanayo anaponya wezulo pansi, nayenda wapansi osadikira lole. Posakhalitsa anasamukira kutali, ndipo kwa bambo ake sanapondenso.

Apa ndiye panayambira mtanda wawo. Akazi awo ankalira n'kumati, "Mwandithamangitsira mwana chifukwa cha phulusa." Akhristu ena, ndipo mukudzidziwa nokha, ankanong'ona kuti munthu wopemphera chotere angaume mtima bwanji. Pa maphunziro alionse Bambo Phulusa ankatenga zikhomo ndi mbale ya munthu mmodzi woonjezera, n'kubwerera nazo zosagwiritsidwa ntchito. Tsiku lina tikupinda tenti anandifunsa, "Kodi ndinalakwa, mayi? Mwina ndikanamuitanira pambali." Mpaka lero funsolo limandisowetsa mtendere.

Akazi awo atamwalira, mwanayo anabwera, naima patali, nachoka osapereka moni. Bambo Phulusa anakalamba msanga. Maso anachita khungu, singano inawakanika, koma kutchire ankapitabe, atakhala pa kampando, akufufuza mfundo zathu ndi zala. M'pemphero lililonse ankatchula mwanayo, osamuneneza.

Anatisiya masana ena, atadzozedwa mafuta a odwala, kolona m'dzanja. Anayamba afunsa ngati mbaula yazimitsidwa. Kenako anati, "Wabwera?" Ndinati ayi, sanafike. Anandipatsa mpango uja, utafwifwa, nati, "Musautaye." Anatseka maso mwamtendere ngati munthu wotopa ndi ntchito. Mwanayo anafika manda atakwiriridwa kale.

Pa maphunziro athu apitawa, pamzere wa ophunzira panaima bambo wa imvi. Sitinamufunse kanthu, tinangomupatsa zikhomo ndi mbale zija. M'mawa wonyamuka anathira madzi, anatakasa, anathiranso, anatakasanso, mpaka tinayamba kuyang'anana. Anagwada n'kulowetsa dzanja. Atafika pa mawu opempha chikhululukiro, mawu anamuthera, ndipo tinamalizira ndife.

Ndinatulutsa mpango uja n'kumumanga m'khosi ali chigwadire. Anauzindikira msoko wake.

"Mayi, ananena chiyani pomaliza?"

"Anafunsa ngati mwabwera."

Lole inaliza hutala kumsewu, inalizanso. Palibe anasuntha. Iye anakhalabe pomwepo, dzanja lili m'phulusa lozizira. Mzimu wa Bambo Phulusa uuse mumtendere, ndipo mwana wawoyu mumukumbukire m'mapemphero anu.