Magazi a Ometa Anakwera Ndege

Achimwene anga anali ometa. Kachipinda kawo kanali pakati pa wosoka nsapato ndi wokonza mafoni: mpando umodzi wozungulira, galasi long'aluka pakona, ndi benchi yomwe pankakhala ngakhale anthu a dazi, kudzangomvera nthabwala. Mzere wa pamphumi ankaudula ngati ayeza ndi rula.

Atangopitirira zaka makumi anayi anayamba kudzandira. Poyamba ankangogunda zitseko ndi phewa. Kenako lilime linalemera, mawu n'kumatuluka mokoka. Anthu a pamsewupo sanachedwe kuwapezera matenda.

"Ometa, lero mwalawirira bwanji?" ankatero wosoka nsapato. "Muzitigawirako."

Chonsecho mowa sanaulawepo chibadwire. Bambo athu analowa m'manda ndi mbiri yomweyo ya uchidakwa. Azakhali athu, omwe ankayenda chimodzimodzi, akuti anachita kulodzedwa.

Tsiku lina lumo linaphonya n'kucheka khutu la mphunzitsi wina, magazi chuchuchu pakolala yoyera. Sabata isanathe pabenchi paja panali zii. Alamu anapirira chaka chimodzi, kenako anati akukaona amayi awo. Mpaka lero akuwaonabe. Mwana wawo wamkazi anatsala ndi ife.

Ndine ndinawaperekeza kuchipatala chachikulu. Dokotala wina wamayi anawauza kuti agwire mphuno ndi chala. Chala chinakafikira patsaya, koma iye sanaseke. Anati zipatala za m'mayiko asanu oyandikana zagwirizana kufufuza matenda ngati amenewa, oyenda m'magazi a pamtundu. Anajambula banja lathu papepala, amuna timabokosi, akazi timipira, n'kumadetsa ndi cholembera aliyense amene ankadzandira. Pepala linada kuposa mmene tinkaganizira.

Anawatenga magazi timabotolo titatu, topita kukayezedwa kudziko lina.

"Taona, mlongo wanga," anandinong'oneza achimwene. "Magazi akwera ndege, mwiniwakene ngakhale pasipoti ndilibe."

Tinadikira zaka ziwiri. Ndisaname, nthawi imeneyo panali zabwino zake. Lachinayi lililonse ankapita kuchipinda cha mafizo kukalimbitsa thupi, anawapatsa chitsulo choyendera, ndipo kumeneko anakumana ndi anzawo odzandira, n'kumasekana okhaokha popanda wokhumudwa. Zotsatira zitabwera, dokotala anatchula dzina: ataksiya, yotengera kwa makolo.

"Nanga mankhwala ake?" anafunsa achimwene.

"Pakadali pano kulibe, bambo. Koma zimene mwatipatsazi zidzathandiza ambiri kutsogoloku."

"Kutsogolo kwa ndani, adokotala?"

Dokotala anayang'ana pansi. Achimwene anapempha chinthu chimodzi chokha, kalata yonena kuti si chidakwa. Anawalembera, n'kudindapo chidindo. Tinatsika nayo basi molunjika kwa wosoka nsapato uja. Anaiwerenga misomali ili pakamwa, n'kuibweza.

"Pepani," anatero, n'kupitiriza kukhoma chidendene.

Zaka zonse zija za chipongwe, mawu amodzi.

Nthawi ya kafukufukuyo itatha, dokotala anasamukira kudziko lina mwa asanu aja. Chipinda cha mafizo anaunjikamo mabedi othyoka. Anzawo a Lachinayi anamwazikana, winayo tinangomva kuti anamwalira. Achimwene anachoka pachitsulo n'kukhala panjinga ya olumala, ine wokankha.

Chaka chatha anatiitananso, akuti gawo lachiwiri layamba. Tinapeza dokotala watsopano, yemwe anayambira pachiyambi penipeni, dzina ndani, munabadwa liti, chifukwa mafayilo akale anatsalira kwa madokotala anzake kunja. Achimwene akamalimbana ndi liwu limodzi, iye ankatembenukira kwa ine kuti ndiyankhe.

"Funsani ine," anatero achimwene. Zinawatengera nthawi, malovu akutsika. "Mutuwu ndi wabwinobwino."

Kenako dokotalayo ananena chimene anatiitanira. Ankafuna magazi a mwana wa achimwene uja.

"Ayi," anatero achimwene. "Anga anakwana."

Koma mwanayo anali atakula, wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, wogulitsa nsalu m'sitolo. Anapinda yekha mkono wa bulauzi.

"Ababa, ine ndikufuna kudziwa ndisanabereke."

Bambo akewo sanamulankhule sabata yathunthu. Pambuyo pake ankangomuyang'anitsitsa akamanyamula kapu ya madzi, mpaka mwanayo anayamba kukamwera kukhitchini.

Anatiuza kuti zotsatira zake zibwera pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Tsopano chaka chikukwana. Achimwene sanazidikire. Mwezi watha chakudya chinawatsamwa, chifuwa chinadzaza, ndipo tinawaika Lachiwiri. Lachisanu lake foni yanga inalira. Anali mayi wina wa kuofesi ya kafukufuku, waulemu wake, kukumbutsa kuti achimwene akuyembekezeka kuchipatala Lolemba.

Ndinati sabwera.

Anandifunsa ngati ndingawasankhire tsiku lina.