Remu ya m'katoni ya zobwezedwa

Ndinachoka ku komboni kwathu ku Chawama nditatopa ndi kukonza mafoni pa kathebulo ka pamsika, dzuwa likundiwotcha pamutu. Mnzanga wina atandiuza kuti ku Joni kuli shopu yomanga makompyuta imene ikufuna munthu, sindinachedwe. Amene anandiperekeza ku basi ndi ba sisi anga, ba Tisa. Iwo ankajambula mavidiyo a makicheni pati, maphwando aja a mkwatibwi, ndi maukwati, koma kalaputopu kawo kankatentha ngati mbaula. "Dali, ine unganiibale, koma kompyuta yanga osaibala," anatero akuseka, akumenya galasi la basi.

Za ku Joni anthu amakokomeza, inu. Tinkagona amuna asanu m'chipinda chimodzi, ndipo Lamlungu ndinkatha tsiku lonse osamva munthu akutchula dzina langa. Ndalama inkathera pa lendi ndi thiransipoti. Komabe ndinayamba kutumiza zipangizo za kompyuta ya ba sisi pa basi, chimodzichimodzi: mazabodi, purosesa, fani. Ba sisi anamanga okha kompyutayo patebulo la amama, akuonera pafoni mmene ena amachitira. Kunangotsala maremu awiri, timatabwa tija timene kompyuta imasungapo ntchito pamene ikuigwira.

Mwezi umenewo thumba linali louma. Ndinagula remu imodzi yatsopano. Inayo ndinaitola m'katoni ya pansi pa kauntala, mmene tinkaponya zimene makasitomala abweza. Pa sitika yake panalembedwa liwiro lake, 3200, chimodzimodzi ndi inzake, kungoti inali ndi kachipsera pakona. Ndinaipukuta bwinobwino, n'kutumiza zonse ziwiri, n'kuwauza ba sisi kuti ndi zatsopano.

Sabata isanathe mauthenga a ba sisi anayamba. "Dali, pa sitika ni 3200, koma mu bayosi, muja mwa ma setting, ionetsa 2133. Nikayatsa cija cha XMP kuti ithamange, sikirini isanduka blue pakati pa vidiyo. Nalakwisa chani?" Ine ndinadziwa nthawi yomweyo kuti vuto ndi remu ya kachipsera ija. Ntchito imeneyi ndinkaigwira tsiku ndi tsiku. Koma ndinawauza kuti asunthe maremuwo, awaike mu siloti yachiwiri ndi yachinayi, timipata tija tolowetsamo maremu. Anasuntha. Ndinati atsitse liwiro pang'ono. Anatsitsa, koma kompyutayo inkafabe. Kenaka ndinanamizira kuzimazima kwa malaiti, popeza kwathu malaiti amasenza milandu yonse.

Tsiku lina ba sisi anandiuza kuti mayi wa mkwatibwi wina anabwera kudzawatukwana pageti, chifukwa vidiyo inachedwa milungu itatu. Mawu awo anali otopa. Ndikanangonena kuti, "Chosani ija ya kachipsera," basi. Koma ba sisi anali atauza komboni yonse za mlongosi wawo wa ku Joni amene amatumiza zinthu zenizeni. Ndinachita manyazi. Ndinati, "Nizabwela pa Khisimasi, nizaikonza neka."

Ba sisi sanafike pa Khisimasi. Anadwala masiku anayi okha. Basi yathu inachedwa pa boda, ndipo ndinafika maliro ataikidwa kale, anthu akubweza mipando ku tchalitchi.

M'mawa mwake ndinalowa m'chipinda cha ba sisi. Kompyuta inali itafunditsidwa chitenje chawo chobiriwira, fungo la mafuta awo likadalimo. Nditavundukula ndinaona kachikatoni komatidwa pambali, kodzaza ndi zolemba zawo. Analemba chilichonse chimene anayesa. 3200, yafa. 3000, yafa. Siloti yachiwiri ndi yachinayi, yafa. Napukuta fumbi, yafa. Pansi penipeni panali mzere wina: "Kapena mutu wanga ndiye uli slow. Nifunse Dali akapeza nthawi." Ndinakhala pabedi.

Ndinatsegula kompyutayo, n'kuzula remu ya kachipsera ija. Ndinalowa mu bayosi, n'kuyatsa XMP. 3200, pompo. Ntchito yonse sinakwane mphindi ziwiri. Munali vidiyo ya kicheni pati imene sanamalize, ndipo ndinaisiya kuti iyende. Inayenda mpaka kumapeto osazima. Azimayi akuvina, ng'oma zikulira, kenaka kumbuyo kwa kamera ndinamva mawu a ba sisi: "Sekani, amai, sekani! Mwaumisa nkhope monga muli pa maliro!" Ndinatembenuka kuyang'ana kukhomo, ngati kuti alowa.

Amene analowa ndi amama, atamva mawu a mwana wawo. Anayang'ana sikirini, dzanja lili pakamwa. "Wakonza?" anafunsa. Ndinavomera ndi mutu.

"Inamuvutisa maningi," anatero. "Anaipelekako na mu tauni. Wokonza uja anamuuza ati kathabwa kamozi ni kakufa, akachose chabe. Yaba, anakalipa mlongosi wako! Ati Dali sangatumize chinthu chakufa, imwe ndimwe simuziba nchito. Anainyamula pamutu n'kubwela nayo."

Remu ija inali m'dzanja langa. Ndinaifumbata mpaka inandicheka. Kunja ana ankasewera mpira, wogulitsa malasha akuitana, Chawama ali mmene ndinamusiyira. Ku Joni ndinkadandaula kuti palibe wotchula dzina langa, pamene kuno munthu ankalimenyera nkhondo mpaka kutaya makasitomala.

"Nanga chenze chani, mwana wanga?" amama anafunsa.

"Fumbi chabe, amama."

Ku Joni sindinabwererenso. Kompyuta ikuyenda bwino, ndipo mavidiyo onse amene ba sisi anasiya ndinamaliza n'kuwapereka kwa eni ake. Kachikatoni kaja sindinakachotse. Tsiku lililonse ndikayatsa, ndimawerenga mzere wapansi uja, ndipo nthawi tsopano ndili nayo yambiri.