Ulusi wa a Tembo pa Mapu

Tsiku limene amayi ananyamuka kunali mphepo yozizira ya mu Julayi, yowulutsa makoko a chimanga pabwalo, ndipo ng'ombe za kwathu ku Palabana, kufupi ndi Lusaka, zinkalira podikira kukamidwa. Ndege zinkadutsa pamwamba pa nyumba yathu masiku onse, koma tsiku limenelo phokoso lake linamveka lachilendo. Amayi anali namwino, anapeza ntchito ku Perth, mzinda wa kutsidya kwa nyanja yaikulu, ndipo ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

A Tembo, oyandikana nafe, anayendetsa malole moyo wawo wonse, moti ankanunkhabe dizilo ngakhale atapuma ntchito. Anandipeza pakhonde ndikuyang'ana mapu m'buku la kusukulu. Anasolola ulusi pa thumba la feteleza, nauyala kuchokera ku Lusaka mpaka ku Chipata, nautsina ndi chikhadabo.

"Waona kafupi aka? Apa nenze kuimilira pa Nyimba kuthira mafuta."

Kenaka anauyala kuchokera ku Johannesburg, kumene amayi akasinthire ndege, kulowera ku Perth. Ulusi unayenda pa buluu pokhapokha, osakhudza mtunda.

"Manje apa ni manzi yekayeka. Azaimilira kuti? Iwe mwana, pemphera."

Sanaseke. Lamya kwathu kunalibe, kalata ikanatenga nthawi kufika, ndipo atate sindinawauze kanthu. Chakudya ndinkachisiya m'mbale. Ndege iliyonse ikamveka ndinkatseka makutu, n'kumaona amayi atavala juzi yawo yofiira, akumira pang'onopang'ono m'madzi opanda gombe.

Tsiku lachinayi ndinamva ngolo ikulira mawilo. Anali a Tembo, akutsitsa pabwalo pathu zikuni zikuluzikulu, zonga zija anthu amabweretsa pakagwa maliro. Ndinati basi, amayi amwalira. Ndinathawira m'munda, ndipo atate anandipeza nditadzipinda mumzere, ulusi uja ndili nawo m'manja.

"Ni nkhuni zophikira chabe, mwana wanga," anatero atate. "Ba Tembo aona kuti wotitolera kulibe. Nanga za maliro wazitenga kuti?"

Nditafotokoza, anatenga ulusiwo n'kupita nawo kwa a Tembo. Iwo anabwera chipewa chili m'manja.

"Naine nenze kuyopa," anandiuza. "Ndeke sininakwerepo."

Kalata inafika patapita milungu itatu. Amayi analemba kuti anagona pafupifupi ulendo wonse. Komabe a Tembo ndinasiya kuwapatsa moni, ndipo anamwalira ndikuwapatukirabe panjira.

Mkazi wanga atamwalira chaka chatha, zikuni zinafika zambiri tsiku la maliro. Anthu atabalalika, palibe anabweranso ndi nkhuni. Ndikusonkha ndekha moto m'mawa wina, ndinakumbukira ngolo ija, ndi munthu wamantha amene anaona kuti m'nyumba ya mnzake mwachepa manja. Ndinagwada pomwepo, ndipo a Tembo ndinawakhululukira.