Timivi ta Kunsi kwa Kapeti

Loweruka lomaliza la mwezi wa Epulo, cha m'ma eiti koloko m'mawa, ndinali chogwada mu ofesi ina m'tauni ya Chipata, ndikupala chingamu pa kapeti ndi mpeni wobuntha. Tsikulo ndimalikumbukira bwino chifukwa ndinalilemba m'buku langa la zochitika za tsiku ndi tsiku, zala zikadali zoyera ndi sopo.

Kwathu ndi ku Chiparamba. Ndimakhala ndi amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amama, kuyambira pamene atate anamwalira ndili giredi folo. Chaka chomwecho amama anapita kutauni kukafuna ntchito, ndipo anapeza yoyeretsa m'maofesi. Kumudzi ankabwera pa Khirisimasi ndi pamaliro. Akafika ndinkawagwadira, kuwalandira chikwama, kenako n'kusowa chonena. Ndinkangoima kuseri kwa nkhokwe ndikuwayang'ana akucheza ndi anthu ena.

Holide imeneyo, ndili giredi eiti, anandiitana kuti ndikakhale nawo sabata imodzi m'kachipinda kawo ka lendi ku Kapata. Lolemba ndinayenera kubwerera kumudzi, chifukwa mtedza unali utakhwima ndipo amayi aang'ono ankafuna wowathandiza kukumba.

Ine sindinkafuna kubwerera. Ndinkafuna kukhala ndi amama, kusamukira kusukulu ya m'tauni, kumagona pamphasa pafupi ndi bedi lawo masiku onse. M'buku langa mawu opempherawo ndinali nditawalemba kambirimbiri, pena aatali, pena aafupi, koma pakamwa sanatulukepo. Sabata yonse ndinkangoti "inde amama," "ayi amama," "ndakhuta amama." Ndiye ndinaganiza kuti ndikawaonetsa kuti ntchito ndimaitha, iwo eni adzanena okha kuti ndisapite.

Ofesiyo inali ya kampani yogulitsa mbewu ndi feteleza. Dzinja lonse alimi ankalowamo ndi matope ofiira kumapazi, ena ndi magambutsi, ena ndi nsapato za matayala. Mabwana analamula kuti pofika Lolemba pansi pakhale poyera. Kapeti wake sanali chinsalu chimodzi chachikulu ngati wa paguwa kutchalitchi. Anali zidutswa za makona anayi zoyalidwa mogundizana, chilichonse kutalika kwake ngati kuchokera pachigongono changa kufika kumapeto kwa zala, kunsi kwake kuli labala wakuda. Amama ankazitcha matailosi. Mtundu wake weniweni ndinauona titakankha kabati: anali abuluu ngati yunifolomu yathu ikakhala yatsopano. Kwina konseko anali ofiirira, ndipo pakhomo anali atauma gwa ngati chikopa.

Amama ankagwira ntchito ndi mayi wina wamtali, Mbemba wa kumpoto, amene ine ndinkamutcha anti. Awiriwo ankanyozana mwachimbuya kuyambira m'mawa mpaka madzulo, monga amachitira anthu a kuno ndi Abemba.

"Mbuya, ndiye mwana uja ndi ameneyu?" anatero anti atangondiona. "Kuonda chonchi! Kodi mbewa zinatha ku Chiparamba?"

"Msiye mwana wanga, wodya anyani iwe," anayankha amama. "Tenga huva uyambe. Pakamwa pokha ndiye pamagwira ntchito."

"Mwana wako alibe pakamwa, ndiye ndikumulankhulira. Iwe, umalankhula?"

Ndinayang'ana pansi n'kumwetulira. Mawu akuti "mwana wanga" ndinawasunga mumtima kuti ndikawalembe.

Huva ndi makina okoka fumbi. Amama anandiuza kuti amayamba ndi imeneyo, kudutsa katatu malo amodzi, madzi asanakhudze pansi. Ukathira madzi pa fumbi, anatero, wapanga matope ndi manja ako. Kenako anasungunula sopo m'ndowa mpaka thovu litadzaza, ndipo ankatapa thovu lokhalo ndi burashi. Pamene panatayikira tiyi ankayambira m'mphepete mwa banga kulowera pakati, kuti lisafalikire. Akatsuka ankayala thaulo loyera n'kulipondaponda ndi mapazi, ndipo thaulolo linkadzuka lofiira. Ankachita zonsezi mosafulumira, lilime lili pakona pa mlomo. Ndinazindikira kuti nanenso ndimatero ndikamalemba masamu, ndipo ndinafuna kuwauza, koma sindinawauze.

Cha m'ma teni anati iwo ndi anti akwera m'chipinda cham'mwamba, kumaofesi a mabwana, ndipo akatsika masana.

"Iwe pitiriza kupala chingamu," anatero. "Matailosi a pakhomowo usavutike nawo, ndi olimba. Tidzaona mawa tikaweruka ku Misa."

Atakwera ndinawayang'ana matailosi a pakhomo aja. Ndinaona kuti thovu silingawathe. Ndinalowetsa mpeni pakona ya limodzi, ndipo linanyamuka mosavuta, guluu wake anali wongomata pang'ono. Kumudzi mphasa ikada, kapena thumba la feteleza tikafuna kuikamo ufa, sitinyengerera: timapita nazo kumjigo, kuzithira madzi ambiri, kuzipuntha, n'kuziyanika padzuwa. Ndinati anthu a m'tauni amangoopa madzi chabe.

Ndinazula matailosi makumi awiri ndi anayi. Ndinawanyamula anayianayi kupita nawo kumpopi wa kuseri kwa ofesi. Ndinawakhutulira madzi, kuwapaka sopo, kuwakwecha ndi burashi mpaka mapewa kuwawa. Madzi ofiira ankayenderera mpaka kumpanda. Alonda a pageti, bambo wachikulire wa chipewa chotuwa, anabwera kudzaona.

"Mwanawe, amayi ako akudziwa zimenezi?"

Ndinagwedeza mutu ngati ndikuvomera. Linali bodza, ndipo ndinalilembanso m'buku.

Buluu uja anabwerera. Ndinawayala pasimenti padzuwa, ndipo ndinakhala pambali ndikuwayang'ana ngati ana a nkhuku. M'maganizo ndinkaona amama akutsika masitepe, akuima, akugwira pakamwa. Ndinkamva ngakhale mawu amene adzanene. Ndinafika poganiza za njira imene ndizidzadutsa popita kusukulu yatsopano, ndi kuti Loweruka lililonse ndizidzabwera nawo kuno.

Cha m'ma thu koloko pamwamba pake panali pouma. Ndinawabweza m'kati n'kuyamba kuwayala msangamsanga, lililonse pamene lagwera. Nditamaliza ndinabwerera m'mbuyo kuti ndione bwino.

Pansi panaoneka ngati bolodi ya drafuti. Tailosi lina linali lowala, loyandikana nalo lakuda, lina lotuwa. Ndinaganiza kuti akudawo sanayere, ndiye ndinagwada n'kuwapukutanso, koma nditaima mbali ina, akuda aja ndi amene anawala, owala aja n'kuda. Komanso makona a ena anali atapindikira m'mwamba chifukwa cha dzuwa. Ndikawakanikiza ndi chala ankadzukanso.

Ndili pomwepo ndinamva mapazi pamasitepe.

Amama anaima. Pakamwa anagwiradi, koma osati mmene ndinkaganizira. Anti ndiye anawomba m'manja.

"Mayo ine! Mbuya, bwera ndi zitsekerero za mabotolo tisewere! Mwana wako watikonzera bwalo."

Amama sanaseke. Anagwada, nazula tailosi limodzi, nalitembenuza. Kunsi kwake, pa labala, panali kamuvi koyera kakang'ono. Ndinali nditatiwona timivito pochapa, koma ndinkayesa ndi chizindikiro cha kufakitale basi.

"Ubweya wa kapeti umagonera mbali imodzi," anatero motsitsa mawu. "Timivi tonse tiyenera kuloza kumodzi. Kukapanda kutero kuwala kumagwa mosiyana." Anafinya tailosilo pakati ndi chala chachikulu, ndipo madzi anatuluka. "Ndipo m'kati simunaume. Likagona chonchi, pofika Lolemba muno mudzanunkha ngati galu wonyowa."

Kukanakhala bwino akanandikalipira. Ndinati ndikukatenga thaulo louma, ndipo ndinalowa m'kachipinda kosungiramo matsache n'kukankha chitseko. Ndinalira mosatulutsa mawu, nkhope nditaibisa m'thaulo lomwelo. Ndinkadziwa kuti ndawawonjezera ntchito, ndiponso kuti mabwana akakwiya adzakwiyira iwo. Ndinati basi, tsopano adzaona kuti ndine katundu.

Chitseko chinali chopyapyala, ndipo ndinkawamva.

"Bwanji sunamukalipire?" anafunsa anti. "Akanakhala wanga ndikanamukoka khutu mpaka kumsika."

"Ndimukalipire bwanji?" anatero amama. "Mwana amandigwadira ngati ndine mlendo wochokera kuboma. Sabata yonse sanandipemphe kanthu, ngakhale chitumbuwa. Ndikati ndimufunse za kusukulu, amangoti zili bwino."

"Ndi manyazi chabe. Si ndiwe unamubereka? Nawenso pamaso pa bwana umakhala ngati wameza mwala."

"Ayi mbuya. Anazolowera kwa mng'ono wanga. Ndikuona ngati akungodikira Lolemba kuti azipita kwawo."

Anati kwawo. Ndinachotsa thaulo kumaso. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti amama amaona okha zimene zili mumtima mwanga, koma sakufuna. Sindinaganizepo kuti kukhala chete kwanga iwo ankakumva ngati kukana.

Ndinapukuta m'maso n'kutuluka. Amama sanandiyang'ane kumaso, ndipo ndinathokoza. Anangosendera pang'ono kuti ndigwade pambali pawo.

"Zula onse," anatero. "Tiwaimike mopendekera kukhoma, fani iwapemerere. Opindikawo tiwatsindikiza ndi makatoni a mapepala. Akakana kuwongoka tidzawaika pansi pa kabati, abwino a pansi pa kabati tibweretse pakhomo. Palibe adzadziwe."

Anandipatsa choko kuti ndizilemba nambala kunsi kwa tailosi lililonse, ndipo anandionetsa kuti timivi ta m'chipinda chimenecho timaloza kuwindo. Anti anakwera kukamaliza kumwamba, akuimba nyimbo ya kwawo mokweza dala.

Tinatsala awiri, mapewa atagundana, maso ali pansi. Ndipo kenako amama anayamba kulankhula, osati kwa ine mwachindunji, koma ngati akulankhula ndi matailosi.

"Koma ayera," anatero. "Chiyambireni ntchito muno sindinawaonepo chonchi. Unakwecha ndi chiyani?"

"Ndi burashi yomweyi, amama. Ndinkawapunthanso pasimenti."

"Ngati matumba?"

"Ngati matumba."

Anaseka pang'ono m'mphuno. "Ine sabata yanga yoyamba ndinathira madzi ndowa yathunthu pa kapeti wa bwana, n'kuyamba kukolopa. Anatsegula mawindo masiku atatu. Ndinkabisala m'kachipinda komwe unali iwe kaja."

Ndinachita manyazi kuti adziwa, komabe ndinaseka. Anandifunsa ngati mtengo wa mapeyala wa kuseri kwa nyumba ukuberekabe. Ndinati nthambi yaikulu inathyoka ndi mphepo mu Febuluwale, ndipo inagwera pakhola la nkhunda. Anafunsa za nkhundazo. Ndinawauza kuti zinathawira kwa aneba ndipo zikukana kubwerera, ngakhale ndimazimwazira gaga. Ndinawauza za aphunzitsi a sayansi amene amagona m'kalasi, za mnzanga amene anasiya sukulu, za nsapato zanga zimene zayamba kuthina. Mawu ankangotuluka. Ndinazindikira kuti munthu akakhala pambali panga, manja athu ali pa ntchito imodzi, ndimalankhula momasuka. Ndi maso a munthu amene amanditseka pakamwa.

Titafika pa tailosi la nambala twente, ndinapuma mpweya wambiri. Ndinati, "Amama."

"Ee?"

Nthawi yomweyo alonda aja anagogoda pagalasi ndi makiyi. "Amayi, faifi yakwana. Ine ndikutseka, mawa ndi tsikunso."

Amama anadzuka akugwira msana, nayamba kusonkhanitsa maburashi. "Umati chiyani?" anandifunsa.

"Ndimati choko chatsala pang'ono," ndinatero.

Tinayenda wapansi kubwerera ku Kapata, iwo patsogolo ndi ndowa, ine pambuyo ndi mathaulo onyowa pamutu. Dzuwa linali litatsamira pamapiri, njinga zonyamula anthu zikutiimbira mabelu kuti tipatuke. Ndinkayang'ana zidendene zawo zong'ambika ndi sopo, ndi mmene phewa lawo lamanja limatsikira akanyamula kanthu. Ndinkafuna kuthamanga pang'ono kuti ndiyende pambali pawo, koma njira inali yopapatiza.

Tisanadye ndinakhala pakhomo ndi buku langa kukadali kowala. Ndinalemba zonse, ndi bodza lomwe. Ndinkadziwa kuti akhoza kukana. Chipinda n'chaching'ono, malo kusukulu za m'tauni ndi ovuta, ndipo amayi aang'ono ali okha ndi munda. Koma ngati akana, akane atamva, asamaganizenso kuti ndikudikira Lolemba.

Pansi pa tsambalo ndinalemba kuti mawa, tikaweruka ku Misa n'kubwerera kuofesi kukayala matailosi, sindidikira kuti ntchito ithe. Tikangogwada, pa tailosi loyamba lenilenilo, maso anga ali pansi, ndidzati: "Amama, ine ndikufuna kukhala ndi inu."